Kumata zomera ndi miyala m'thanki ya nsomba ndi supa guluu wa gel

Si zomera zonse za m'madzi zomwe zimabzalidwa mumchenga. Anubias ndi Bolbitis za ku Africa kuno, Java fern ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, ndi Bucephalandra ya pachilumba cha Borneo, kwawo zimamera pamiyala ndi pazitsa za m'mitsinje, mizu itakangamira pamwamba, madzi akudutsa. Zili ndi tsinde lokwawa lotchedwa rhizome, pomwe pamachokera masamba ndi mizu yomwe. Tsinde limeneli mukalikwirira limaola, masamba n'kumathothoka limodzilimodzi. Mukangoliika pamwala osamanga, mawa mulipeza likuyandama pafupi ndi fyuluta yosefa madzi. Kale anthu ankamanga ndi ulusi kapena chingwe cha mbedza, ndipo njirayi ikugwirabe ntchito, kungoti pamwala wobulungira kapena pachitsa chomwe chili kale m'thanki ulusi ulibe pozunguliza. Apa m'pomwe guluu amalowera.

Musanagule n'komwe, dziwani kuti guluu ntchito yake ndi yaing'ono. Pachomera, amangochigwira milungu ingapo mpaka mizu yatsopano igwire yokha. Pamwala, amangoletsa kutsetsereka. Kulemera kwa mwala kumanyamulidwa ndi mwala unzake. Pafupifupi mavuto onse omwe anthu amakumana nawo amachokera popaka guluu wambiri poganiza kuti iyeyo ndiye asenze zonse.

Guluu wake ndi uti

Tembenuzani paketi muwerenge kumbuyo. Mawu omwe mukufuna ndi cyanoacrylate kapena ethyl cyanoacrylate, ndipo kutsogolo palembedwe kuti gel. Mankhwalawa anawatulukira Harry Coover ndi anzake mu 1942, ndipo anayamba kugulitsidwa mu 1958 ndi dzina loti Eastman 910. Amasiyana ndi guluu wina pa chinthu chimodzi chachikulu: sauma chifukwa cha mphepo kapena dzuwa, amalimba akakumana ndi chinyontho. Kachinyontho ka pamwala, pamuzu ngakhale pachala chanu n'kokwanira kumusandutsa pulasitiki wolimba m'masekondi ochepa. N'chifukwa chake madzi a m'thanki samusungunula. Akalimba satulutsa kanthu m'madzi, ndipo osunga nsomba, nkhono ndi shrimp akhala akumugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, ngakhale m'mathanki a madzi amchere pomata ma coral.

Wa gel ndi yemweyo, kungoti anamukhuthalitsa kuti asayenderere. Wamadzimadzi uja wa m'magolosale amathamanga, amalowa m'mizu yonse ndi kukwera mpaka pamasamba musanazindikire. Wa gel amakhala pomwe mwamudontheza, amadzaza timipata ta pamwala wokhakhala, komanso amakupatsani kanthawi kokonza chomera chisanagwire. Pali ogulitsidwa m'mashopu a nsomba monga Seachem Flourish Glue, pali a m'hadiweya monga Loctite Super Glue Gel ndi Gorilla Super Glue Gel. Mankhwala ake ndi amodzi, ndiye palibe chifukwa choonongera ndalama pa dzina. Koma pa Gorilla chenjerani: ali ndi guluu wina wofiirira wa polyurethane yemwe amafufuma ndi kuchita thovu akauma. Ameneyo ndi wina.

Guluu wa nsapato, wa matabwa, wa mapaipi ndi aja obwera ndi kabotolo kachiwiri kopopera kuti aume msanga, asiyeni. Gulani timachubu ting'onoting'ono ta magalamu 2 mpaka 4 m'malo mwa botolo lalikulu, chifukwa chubu chikatsegulidwa sichikhalitsa. Kachubu kamodzi kamakwana zomera zoposa 10 ngati simukumwaza.

Kukonza mwala ndi chomera

Guluu amagwira chomwe wakhudza. Akakhudza fumbi, ndere kapena kuterera kuja komwe kumakuta chilichonse chokhalitsa m'madzi, agwira zimenezo, ndipo zikasendeka chomera chimapita nazo. Kwechani mwala kapena chitsa ndi burashi yolimba ndi madzi okha. Sopo asayandikire. Mwala musauwiritse pamoto, chifukwa mpweya kapena madzi otsekeredwa mkati angauphulitse. Kuukwecha ndi kuuumika padzuwa n'kokwanira. Malo omwe mumatepo apukuteni ndi nsalu. Pasakhale madzi oyenderera, koma kachinyontho pang'ono sikalakwika.

Mwala wotola panja uyeseni kaye. Donthezani viniga pamalo pomwe mwapala pang'ono. Ukachita thovu, muli laimu, ndipo udzakweza pH (muyeso wa asidi m'madzi, womwe umakwera asidi akachepa) ndi kuuma kwa madzi (kuchuluka kwa laimu wosungunuka m'madzimo). Kwa mbuna ndi nsomba zina za m'Nyanja ya Malawi, zomwe zinazolowera madzi a pH ya pafupifupi 8, mwala wotere ndi wabwino. Kwa nsomba za madzi ofewa monga neon tetra za ku Amazon, sankhani mwala wosachita thovu monga granite, slate kapena lava rock. Mwala wokhala ndi mizere ya dzimbiri kapena tinthu tonyezimira ngati chitsulo, usiyeni komweko.

Chomera chogula m'kapoto chimabwera mizu itakulungidwa m'chinthu chonga thonje lachikasu. Chotsani chonse ndi kamtengo kotokosera mano, kenako tsukani. Dulani masamba achikasu ndi mbali iliyonse ya rhizome yomwe yafewa kapena ikununkha. Mizu yaitali ifupikitseni itsale masentimita 2 kapena 3. Musachite mantha podula: mizu yakale siigwiranso mwala, yogwira ndi yatsopano, ndipo kudula kumaifulumizitsa kutuluka. Ngati rhizome ndi yaitali mungathe kuigawa ndi lumo lakuthwa, chidutswa chilichonse chikhale ndi masamba atatu kapena anayi.

Zomera zomwe zikudikira muziike m'beseni la madzi kapena muzifunditse kansalu konyowa. Java fern ndi Bolbitis masamba ake amauma msanga, ndipo tsamba lomwe lauma limada pakapita masiku angapo, munthu n'kumanamizira guluu. Botolo lopopera madzi likhale pafupi.

Kumata kwenikweni

Yambani ndi kuyesa popanda guluu. Ikani chomera pamwala, chitembenuzeni uku ndi uku mpaka mupeze pomwe chikukhala bwino. Pamng'alu kapena pakadzenje m'pabwino kuposa pamalo osalala, chifukwa mwala womwewo umathandiza kugwira ndipo guluu amabisika. Yang'anani komwe rhizome ikulowera: mbali yomwe kukutuluka katsamba katsopano ndiko kumutu, ndipo kumafunika malo oti idzakwawire. Mukalozetsa mutu kumphepete kwa mwala, pakatha miyezi ingapo chomera chidzakhala chikulendewera m'madzi.

Tsopano pukutani mizu ndi kunsi kwa rhizome pang'ono ndi tishu. Donthezani guluu pamwala, osati pachomera. Dontho likhale ngati njere ya mpunga. Kwa Anubias nana yaing'ono kapena Bucephalandra, dontho limodzi kapena awiri. Kwa Anubias barteri yaikulu kapena Java fern ya rhizome yaitali masentimita 10, madontho atatu otalikirana, osati mzere umodzi wosaduka. Pakati pa madonthowo m'pomwe mizu yatsopano idzatulukire ndi kupeza mwala.

Chomwe chikhudze guluu chikhale mizu yakale, kapena kunsi kwa mbali yakale ya rhizome. Kumutu komwe kukuphukira kusakhudzidwe ngakhale pang'ono. Guluu akakuta nsonga imeneyo, chomera chimaima kukula mpaka chitatulutsa mphukira ina chammbali, ndipo chikakhala chaching'ono mwina sichitulutsa n'komwe. Akazungulira rhizome yonse ngati mphete, pamenepo pamaola.

Kanikizani chomera pa dontholo ndi chala kapena ndi kamtengo, mugwire masekondi 20 mpaka 30 osagwedeza. Apa m'pomwe ambiri amalakwitsa: amasiya pakatha masekondi 5, n'kukoka kuti aone ngati chagwira, ndipo kukokako kumaswa guluu yemwe amayamba kulimba. Akawonjezera wina pamwamba pa woswekayo, zimangokhala chibuluma choyera chosagwira kanthu. Mukatha kugwira, poperani madzi pang'ono pamalopo kuti kunja kulimbe, musiye mphindi ziwiri kapena zitatu, kenako mwala ungalowe m'thanki.

Guluu akakumana ndi madzi ambiri nthawi imodzi amayera mbee. Si poizoni, kungoti pamwala wakuda amaoneka patali. Mukafuna kubisa, wazani mchenga wouma kapena fumbi la mwala womwewo pa guluu yemwe watulukira m'mbali asanalimbe. Pachitsa, palani timinyenyeswa ta chitsacho muwazepo. Wotsalayo ndere ndi mizu zidzamukuta zokha.

Anubias mizu yake imachedwa. Yembekezerani mwezi umodzi kapena iwiri isanagwire mokwanira, ndipo nthawi yonseyi musamaisunthe. Muiikenso pamthunzi, kunsi kwa chitsa kapena m'mbali mwa thanki, chifukwa masamba ake amakula pang'onopang'ono ndipo pakuwala kwambiri amadzala ndere. Bucephalandra kawirikawiri imataya masamba ena ikasintha madzi. Rhizome ikakhala yolimba mukaitsina, isiyeni, iphukanso. Java fern imabereka tiana kunsonga kwa masamba akale. Kamwana kakafika masamba atatu ndi timizu, kathotholeni mukamate ndi kadontho kochepetsetsa pa timizu take tofiirira.

Njira ina yomwe imapulumutsa ntchito: m'malo momata chomera pamwala waukulu, chimateni pakamwala kakang'ono kokwana m'dzanja, kenako mukalowetse pakati pa miyala ikuluikulu. Tsiku lomwe mudzafune kusintha malo kapena kutsuka ndere pamasamba, mudzangotola kamwalako.

Moss, tizomera tofewa tonga ulusi topanda mizu yeniyeni, ndiye amafuna dzanja lopepuka. Chilichonse cha Java moss kapena Christmas moss chomwe chakhudza guluu chimafa, ndiye cholinga n'chakuti chokhudzacho chichepe. Duladulani moss m'tizidutswa ta sentimita 1 kapena 2, mufinye madzi, muike timadontho tating'ono kwambiri motalikirana masentimita awiri, ndipo pa kadontho kalikonse mukanikizepo kamtolo kopyapyala. Mukaunjika mulu wochindikala, wapansi amasowa kuwala n'kuola, mulu wonse n'kunyamuka. Kunena zoona, panthambi yowongoka ulusi umaposa guluu pa moss, chifukwa supha kanthu ndipo wathonje umaola wokha moss atagwira.

Zomera za mizu ya m'nthaka monga Vallisneria, yomwe imameranso m'malo a mchenga m'Nyanja ya Malawi, Cryptocoryne ndi Amazon sword, sizimatidwa. Zimenezo zibzaleni.

Thanki ikakhala kale ndi madzi

Ngati mwala kapena chitsa chingatuluke, chitulutseni. Ngati sichingatuluke, chotsani madzi mpaka malowo aonekere, mukweche, mupukute, mumate monga tafotokozera. Izi zimayenda bwino tsiku losintha madzi.

Pomwe pali pakuya kwambiri mungathe kumata m'madzi momwemo. Zimitsani fyuluta kuti madzi adekhe. Apa guluu aikidwe pamizu ya chomera, kunja kwa thanki, ndipo dontho likuleko pang'ono. Likangolowa m'madzi limachita kakhungu koyera kunja, mkati likadali lofewa. Pitani nalo msanga pamwala, kanikizani, mupotoze pang'ono kuti kakhunguko kang'ambike ndipo guluu wofewa akhudze mwala, kenako mugwire masekondi 30 kapena kuposerapo. Mukachedwa m'njira, dontho lonse limalimba lisanafike. Nsomba zachidwi muzipirikitse ndi dzanja linalo mpaka guluu alimbe, chifukwa zimajompha chilichonse choyera poyesa chakudya. Timaulusi ta guluu toyandama tichotseni ndi kaneti.

Miyala

Mwala ukagwa m'thanki umaswa galasi kapena kuphwanya nsomba, ndiye apa nkhani si kukongola kokha. Vutoli limakula m'thanki ya mbuna. Nsombazi kunyanja zimakhala m'miyala, ndipo m'thanki zimafuna mapanga ambiri kuti zogonja zipeze kobisala. Zimakumbanso: yaimuna imanyamula mchenga ndi pakamwa, kulavula uko, tsiku ndi tsiku, mpaka pansi pa mwala patakhala dzenje. Mulu womwe unasanjidwa pamwamba pa mchenga umapendekeka n'kugwa, ngakhale mutathira guluu wochuluka bwanji.

Choncho miyala ya pansi ikhale pagalasi mchenga usanalowe. Kuti nsonga ya mwala isadinde galasi pamalo amodzi, yalani kaye pulasitiki wochindikala kapena egg crate (pulasitiki wolimba wa timabowo ngati sefa), kenako miyala, kenako mchenga kuzungulira. Sanjani mulu wonse popanda guluu patebulo kapena pakatoni yomwe mwajambulapo kukula kwa thanki. Mwala uliwonse ukhale pa unzake m'malo atatu, waukulu pansi, ndipo muukankhe ndi chala mbali zonse. Ukagwedera, utembenuzeni kapena mulowetse kamwala kotchinjiriza. Mulu womwe sungaime wokha usamatidwe, usanjidwenso. Siyani mpata wokwana dzanja pakati pa miyala ndi galasi la m'mbali kuti muzitha kupukuta. Mukakhutira, jambulani ndi foni musanaphwasule.

Kwa timiyala tating'ono ndi miyala yafulati monga slate, gel yekha amakwana: madontho pamalo atatu okhudzana aja, miyala youma bwino, kukanikiza mphindi imodzi. Koma supa guluu ndi wolimba pomukoka, wofooka pomugunda kapena kumupotoza, ndipo amafuna kuti zinthu ziwirizo zigundane kwenikweni. Miyala yokhakhala imangokhudzana pa tinsonga, pakati pali mipata yomwe gel sangadzaze.

Pamipata yotere, guluu wamadzimadzi uja tinamukana pa zomera ndiye amagwira ntchito. Tengani kathonje kapena katishu kopindapinda, mukakanikizire mumpata ndi kamtengo mpaka kakhudze miyala yonse iwiri. Donthezani guluu wamadzimadzi mpaka kanyowe konse. M'masekondi ochepa kamatentha, kamatulutsa utsi woyera, n'kulimba gwa. Utsiwo umalasa m'maso ndi m'mphuno, ndiye chitirani panja kapena pawindo lotsegula, nkhope ili kutali, ndipo musakhudze kathonjeko kakutentha. Malo awiri kapena atatu otere pamwala uliwonse ndi okwanira. Pomaliza pakani gel pang'ono pamwamba pa choyeracho muwaze fumbi la mwala. Chitani kumbuyo ndi kunsi komwe diso silifika.

Miyala yolemera makilogalamu angapo imafuna epoxy putty, ija ya mitundu iwiri yomwe mumakanda pamodzi mpaka ikhale mtundu umodzi. Sankhani yolembedwa kuti ndi ya m'thanki ya nsomba kapena ya madzi akumwa. Payokha putty imadzaza mpata koma siimata kwambiri, ndiye akatswiri amaphatikiza: dontho la gel pamwala wapansi, kampira ka putty pamwamba pake, dontho lina la gel pa putty, kenako mwala wapamwamba. Gel amagwira nthawi yomweyo, putty imalimba pakapita maola n'kukhala mpando wa mwalawo. Zonse zomatidwa motere zigone usiku umodzi zisanalowe m'madzi.

Musamate mulu wonse kukhala chinthu chimodzi. Mateni m'magulu a miyala iwiri kapena itatu omwe mungathe kunyamula ndi manja awiri. Tsiku lina mudzafuna kugwira nsomba yodwala kapena yaikazi yomwe yafumbata mazira m'kamwa, ndipo mbuna ikalowa m'phanga siituluka mpaka mutachotsa mwala. Ponyamula, gwirani mwala wapansi.

Mwala usamatidwe kugalasi ndi supa guluu. Pagalasi lomwe lili m'madzi amagwira kwa kanthawi kenako amasendeka, ndipo pathanki ya pulasitiki wa acrylic amasiya chipsera choyera chosachoka. Pofunika kumata kugalasi, gwiritsani ntchito silicone ya thanki ya nsomba pamalo ouma, mudikire masiku angapo mpaka fungo la viniga litatheratu. Silicone ya kubafa ndi kukhitchini imakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu omwe amapha nsomba.

Chitsa chatsopano chimayandama. Mungathe kuchimata kumwala wolemera ndi njira ya thonje ija, koma chitsa chachikulu chimakoka mwamphamvu kuposa momwe chikuonekera, ndipo mtengo ukamwa madzi umafufuma n'kuswa guluu. Chivikeni m'ndowa milungu ingapo kaye, kapena chimangeni ku slate yoboola ndi sikuluu ya stainless steel.

M'thanki ya mbuna, Anubias ndi Java fern ndi zomwe zimapirira, chifukwa masamba ake ndi olimba ndipo nsomba sizikonda kuwadya. Komabe nsombazo zimakoka zomerazi. Lowetsani rhizome mumng'alu momwe pakamwa pa nsomba sipangafike bwino, ndipo ngati n'kotheka chomera chikhale m'thanki ina milungu ingapo kuti mizu igwire chisanakumane nazo.

Chomera chikathothoka, ndi zala zikamatana

Chomera chikathothoka, yang'anani komwe guluu watsalira. Akatsalira pachomera, mwala unali walitsiro kapena woterera. Kwechani pamalo ena muyambirenso. Akatsalira pamwala pamodzi ndi timizu, ndiye kuti munamata mizu yakufa yomwe yaduka. Matani pafupi ndi rhizome. Guluu wakale pachomera musamukanganule ndi mphamvu, dulani muzu womwe ali. Pamwala amachoka pomupala ndi mpeni.

Rhizome ikafewa n'kusanduka yofiirira pomwe pali guluu, dulani ndi lumo loyera mpaka mufike pobiriwira ndi polimba, ndipo chotsalacho muchimange ndi ulusi mpaka chichire.

Zala zikamatana musakoke, khungu lingang'ambike. Vikani m'madzi ofunda a sopo, muzipotoza pang'onopang'ono, kapena pakani mafuta ophikira. Acetone, yemwe amapezeka m'mankhwala ena ochotsera penti wa m'zikhadabo, amamusungunula, koma musambe bwino musanabwezere dzanja m'thanki. Akalowa m'diso, tsukani ndi madzi ambiri ofunda pang'ono, musakakamize chikope kutseguka, pitani kuchipatala. Magulovesi akhale a nitrile. A nsalu ndi oopsa, chifukwa guluu akagwera pathonje kapena paubweya amatentha mpaka kuwotcha khungu. Malaya ndi thalauza la thonje n'chimodzimodzi.

Mukamaliza, finyani kachubu kuchokera kumatako, pukutani kamlomo ndi pepala lokhuthala, mutseke molimba. Kamlomo konyowa ndi madzi a m'thanki kamatsekeka usiku umodzi, n'chifukwa chake sikayenera kukhudza chomera kapena mwala wonyowa pomata. Chubu chotsegula chisungeni choimirira m'kabotolo kotseka bwino, momwe mwaikamo timapaketi ta silica gel topezeka m'makatoni a nsapato, kutali ndi ana. Chosatsegula chimakhalitsa m'firiji, koma muchisiye chifunde kaye musanachiboole, apo ayi chinyontho chimalowa n'kuumitsa guluu yense mkati.